Lipoti la msonkhano wa ofufuza za tizilombo ta m'nthaka ndi kaboni

A Mkulu wa dipatimenti ndi anzanga nonse a mu labotale ya za nthaka,

Malisiti a ulendo ndi a alawansi ndapereka kale ku ofesi ya zachuma. Nazi zomwe ndabwera nazo.

Tsiku loyamba linathera pa malonje ndi zoyankhula za akuluakulu. Ndondomeko ya 4 per 1000, yofuna kuti kaboni wa m'nthaka azikwera ndi magawo 4 pa 1000 chaka chilichonse, yomwe inakhazikitsidwa ku Paris mu 2015, inatchulidwa kangapo, koma masamu ake tiwerengere tokha. Hekitala imodzi ya dothi la kaboni 1 peresenti, lolemera magalamu 1.4 pa cm³, kuya masentimita 30, ili ndi matani 42 a kaboni. Magawo 4 pa 1000 a matani amenewa ndi makilogalamu 168 pachaka. Masampulo awiri a m'munda umodzi amasiyana kuposa pamenepo. Choncho pulojekiti ya zaka zitatu yolonjeza kuonetsa kuti kaboni wakwera ikulonjeza zomwe zida zathu sizingaone.

Gawo lomwe ndalama za ulendowu zinapindulira ndi la kasungidwe ka masampulo. Dothi loyezera tizilombo sayanika. Ife timabwera nalo kuchokera kumunda, n'kuliyala pa nyuzipepala sabata yathunthu, kenako n'kulithira madzi ndi kuyeza mpweya womwe likutulutsa. Dothi louma likangonyowa, tizilombo topulumuka timadya tinzake tomwe tinafa ndi kuuma, ndipo carbon dioxide amatuluka wambiri kwa masiku angapo. H.F. Birch anazifotokoza zimenezi mu 1958 akugwira ntchito ku East Africa, ndipo n'zomwe zimachitika m'munda chizimalupsa chikagwa. Kunena mosapsatira, manambala athu a nyengo yathayi akuonetsa chizimalupsa cha mu labotale, osati moyo wa m'nthaka.

Njira yoyenera yosungira dothi ndi kuyeza kaboni wa m'matupi a tizilombo ndi iyi. Sefani dothi pa sefa ya mamilimita 2 likadali ndi chinyontho, tolani mizu, lisungeni pa 4°C kwa masiku ochepa. Lithireni madzi ofika theka la omwe lingasunge, likhale pa 25°C masiku 7 mpaka 10 kuti likhazikike. Ligaweni pawiri. Gawo lina lilowe mu desiccator (chotengera chotsekeka mosalowa mpweya) ndi chloroform wopha tizilombo mumdima kwa maola 24, linalo ayi. Onse awiri muwathire potassium sulphate wa 0.5 M, muyezo umodzi wa dothi ku miyezo inayi ya mankhwala, mugwedeze mphindi 30, musefe. Kusiyana kwa kaboni wa magawo awiriwa mukugawe ndi 0.45 kuti mupeze kaboni wa tizilombo. Njirayi ndi ya Vance, Brookes ndi Jenkinson ya 1987, ngakhale iwo ankagawa ndi 0.38. Polakwika ndi patatu: chloroform akapanda kuwira mutapopa mpweya ndiye kuti chivindikiro chikudontha; makande onyowa kwambiri salola mpweyawo kulowa mkati mwa zibuma; ndipo chloroform wamba amakhala ndi ethanol, amene naye ndi kaboni, ndiye manambala amafufuma.

Apa ndikumbutse kuti pempho la chloroform wopanda ethanol lakhala pa tebulo kwa masemisita awiri. Za firiji ya -20°C nazonso. Magetsi akazima jenereta imayatsidwira ku maofesi, labotale ayi. Masampulo a DNA a ophunzira a masters asungunuka n'kuumanso kangapo, ndiye tikawatumiza kukayeza 16S ndi ITS (zigawo za DNA zozindikirira mabakiteriya ndi mafangasi) tidzakhala tikulipira madola kuti atiwerengere tizilombo ta m'firiji. Ndalama ya tiyi wa misonkhano imapezeka, ya dizilo wa labotale bwanji?

Za makompyuta olosera kaboni wa zaka 50 zikubwerazi, ndi za misika ya kaboni, zinali zithunzi zambiri. Ndabwera nazo pa fulashi kwa ofuna.

Msonkhano unagwirizana kuti aliyense ayeze mpaka masentimita 30, atenge bulk density (kulemera kwa dothi pa cm³) pa dzenje lililonse, asunge dothi louma lodzayezanso mtsogolo, ndipo asiye Walkley-Black (njira yoyezera kaboni ndi mankhwala a dichromate) n'kuyamba kuyeza powotcha mu makina. Zitatu zoyambazo ndinavomera. Ndinaonjezapo za mizere, chifukwa anzathu ambiri salima ngati ife. Pamwamba pa mzere dothi ndi lofewa, pakati pa mizere ndi logogomezeka, ndipo munda wa mtayakhasu ulibe mizere n'komwe. Mukayerekeza minda iwiriyi pa kuya kofanana, mwayeza dothi losiyana kulemera, ndipo mtayakhasu ungaoneke wopambana chifukwa choti dothi lake ndi lothinana basi. Tiyerekeze pa kulemera kofanana kwa dothi, ndipo polemba tinene ngati sampulo yachokera pamzere kapena pakati.

Chachinayicho sindinagwirizane nacho. N'zoona kuti Walkley-Black ndi njira ya 1934, imagwira pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kaboni, n'chifukwa chake timachulukitsa ndi 1.3, ndipo zotsalira za dichromate ndi poizoni. Koma manambala akale ambiri a nthaka ya kuno anayezedwa motero. Tikangoitaya, tidzayerekeza ndi chiyani? Maganizo anga ndi akuti tisankhe masampulo 60 a katondo, makande ndi mchenga, tiwayeze njira zonse ziwiri, tipeze chochulukitsira cha dothi lililonse palokha.

Chomwe tingayambe osadikira ndalama ndi kulekanitsa kaboni womatirira ku dongo ndi wa zinyalala zosawolerana. Timagwedeza dothi maola 18 mu sodium hexametaphosphate wa 0.5 peresenti, n'kutsuka pa sefa ya ma micrometre 53. Kaboni wodutsa sefayo, womatirira ku dongo uja, ndiye wokhalitsa, ndipo wambiri mwa iye ndi zotsalira za tizilombo takufa. Dothi la mchenga lili ndi dongo lochepa lomugwira, kotero mapesi, nandolo kapena gliricidia sizingapereke zofanana pa mchenga wa ku Kasungu ndi pa katondo.

Sefa ya 53 tili nayo imodzi, yong'ambika m'mbali. Ndikupempha kuti yatsopano ilowe mu oda ya mwezi uno limodzi ndi chloroform uja, ndipo Lachisanu masana ndionetsa matekinishani ndi ophunzira kasefedwe ka dothi lonyowa.