Lipoti la msonkhano wa opanga mawailesi olankhulirana

A Wapampando, akuluakulu a komiti ndi mamembala nonse a gulu lathu la okonza mawailesi ndi mafoni kuno ku Mzuzu, ndabwerako kumsonkhano umene munandituma ku Lilongwe. Munandipatsa funso limodzi: kodi ndalama za m'thumba la gulu tigulire zida zoti tilumikize tokha wailesi yotumiza ndi kulandira mawu? Yankho langa ndi lakuti inde, koma osati tsopano lino. Tiyambe ndi zoyezera.

Za malamulo sindichulutsa. Kumvera aliyense angamvere, koma kutumiza mawu kumafuna laisensi yochokera ku MACRA, bungwe loyang'anira za mawailesi ndi mafoni m'dziko muno, ndipo chizindikiro choitanirana cha munthu wa ku Malawi chimayamba ndi 7Q. Ambiri amayambira pa bandi ya mamita 40, imene kuno kwathu imachokera pa 7.0 kukafika pa 7.2 MHz.

Anatiwonetsa mawailesi awiri. Kakang'ono kotchedwa Pixie n'kotchipa, kamayendera khirisito imodzi ya 7.023 MHz ndipo kamangotumiza Morse, zizindikiro za timaphokoso tatifupi ndi tatitali, osati mawu. Ine sindinakakonde, chifukwa usiku mawailesi akuluakulu oulutsa mawu amalowerera n'kuphimba zonse, koma pophunzitsira ana kuwotcherera n'kabwino. Inayo ndi uBITX, yopangidwa ndi Ashhar Farhan wa ku Hyderabad, ku India. Imeneyi imatumiza mawu enieni, mafulikwense ake amachokera pa kachipu ka Si5351 koyendetsedwa ndi kakompyuta kakang'ono ka Arduino Nano, ndipo mphamvu yotumizira imatuluka pa matransista awiri a IRF510. Anasankha dala zida wamba zoti munthu angazipeze.

Apa ndiye pagona nkhani. Ife tinazolowera za mafoni: chikavuta, chotsa sikirini, ika ina, chotsa batire, ika lina. Pa wailesi yotere chizolowezi chimenecho chimangomaliza ndalama. Bambo wina wachikulire amene ankatsogolera gawo la kukonza anaika patebulo wailesi yosamveka kanthu, n'kutiuza kuti tipeze vuto. Mnyamata wina anali atagwira kale soldering iron kuti azule IRF510. Bambo aja anamugwira dzanja. "Mwana wanga, wayeza chiyani?" Sanayeze chilichonse.

Anatiyendetsa pang'onopang'ono. Poyamba magetsi: kodi 12 V ikulowa, ndipo pa mwendo wotulutsa wa 7805, kachipu kotsitsa magetsi, pali 5 V? Kenako anayambira kumapeto, kusipika, n'kumabwerera m'mbuyo. Anakhudza mwendo wapakati wa voliyumu ndi nsonga ya sikuludiraiva, sipika n'kung'ung'udza, kusonyeza kuti gawo la mawu ndi lamoyo. Transista iliyonse ya silikoni anaiyeza pakati pa base ndi emitter, kufuna 0.6 kapena 0.7 V. Zonse zinali bwino. Atafika pa kakoyilo kena kozengedwa pa mphete yachikasu, anaika mita pa miyendo yake iwiri, mita osalira. Pamaso panali poyera, solda yonyezimira bwino, koma atatipatsa galasi lokulitsa tinaona kuti solda yangozungulira waya osamugwira, chifukwa utoto wa waya uja sunapalidwe. Anaupala ndi lezala mpaka mkuwa utawonekera, n'kuwotchereranso, ndipo nthawi yomweyo sipika inayamba kuchita phokoso la m'mlengalenga. Palibe chida chimene chinasinthidwa. Iwo akuti pa mawailesi olumikiza pamanja, makoyilo ndiwo oyamba kuwakayikira.

Zoyezera zimene ndikunena sizodula, zambiri tingapange tokha. Chofunika kwambiri ndi dummy load, chinthu cholowa m'malo mwa eriyo poyesa. Marezisita 20 a 1k, onse kuwalumikiza mbali ndi mbali, amapereka ma ohm 50. Akhale a 2 W, koma asakhale ozengedwa ndi waya aja timachotsa m'ma amplifaya, chifukwa pa mafulikwense apamwamba amasanduka koyilo. Osayerekeza kudina batani lotumizira popanda eriyo kapena dummy load, IRF510 ikhoza kupsa musanamalize n'komwe moni. Pa dummy load yomweyo mukaika dayodi ya 1N4148 ndi kapasita kakang'ono, mita yathu wamba imayeza mphamvu: ikawerenga pafupifupi 22 V ndiye kuti mukutulutsa 5 W. Chulukitsani nambalayo ndi iyo yomwe, mugawe ndi 100.

Chinanso ndi babu ya galimoto ya 12 V yoika pa waya wa magetsi poyatsa koyamba. Ngati pali shoti babu imawala kwambiri, bodi osapsa. Muwonjezere fyuzi ndi dayodi yoteteza wina akatembenuza mawaya a batire, poti m'mashopu mwathu muno wothandiza sasowa. Pochuna bias ya IRF510, magetsi ochepa amene transistayo imakoka isanalandire mawu oti itumize, sikulu imayambira pansi penipeni, n'kumakweza pang'ono kwambiri maso ali pa mita, chifukwa magetsi ake sakwera mwaulemu, amangodumpha.

Za eriyo anakamba zambiri koma ife titenge izi. Ya mamita 40 ndi waya wa mamita pafupifupi 20, wodulidwa pakati, mamita 10 mbali iliyonse. Dulani motalikirapo, muzichepetsa mukuyeza SWR, nambala yosonyeza ngati eriyo ikugwirizana ndi wailesi. Kachida ka NanoVNA, koyezera SWR imeneyi, n'kokhako kopangidwa kale kamene ndikupempha kuti tigule, chifukwa kamayezanso makoyilo ndi mafiluta. Ndinafunsa ngati mapiri a Viphya sadzatitchinga. Anandiyankha kuti waya ukamangidwa motsika, mafunde a 7 MHz amapita m'mwamba n'kubwerera pansi patali, moti masana Karonga kapena Lilongwe ingamveke popanda mlongoti wautali. Pamenepa anakumbutsa za namondwe Freddy mu March 2023, pamene misewu ndi magetsi zinaduka m'madera ena a kummwera, kuti wailesi ya batire ndi waya pamtengo sizidalira netiweki.

Mavuto athu akuno ndi awiri. Mphezi: nthawi ya mvula eriyo izulidwe ku wailesi mukangomaliza, osadikira kuti kugunde. Lachiwiri ndi phokoso la ma inivata a sola, matchaja otchipa ndi mababu a LED. Kumsika kumene ambirife timagwirira ntchito sitingamve kanthu. Njira yodziwira ndi yophweka: ikani wailesi pa batire, muzimitse zonse, muziyatsa chimodzichimodzi.

Choncho ndikupempha kuti pamsonkhano wathu wotsatira tivomereze kugula NanoVNA imodzi ndi marezisita, tisankhe anthu awiri oyamba kufunsira laisensi, komanso membala wokhala kunja kwa tauni, kaya ku Lusangazi kaya ku Choma, amene ali ndi mitengo iwiri yotalikirana mamita oposa 20, adzipereke. Malisiti a ulendo ndapereka kale kwa amayi athu asungichuma.