Tiyeni tipime utsi ndi fumbi la m'mbali mwa njanji

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani ya sitima zapamtunda poti masiku ano aliyense akungoombera m'manja kuti njanji yadzuka, katundu akubwera pa sitima, olo mafuta agalimoto nawo ayambanso kubwera pa sitima. Ine ndemwe sindikutsutsa ayi, sitima imodzi imanyamula katundu amene akanafuna mathiraki ambirimbiri aja amatiswera misewu ndikumagwa m'mapiri umu, ndiye amene anganene kuti njanji ndiyoipa ameneyo timuone bwino. Koma pali nkhani ina imene tikuilumpha, mpweya umene akupuma anthu okhala m'mbali mwa njanjimo komanso amayi aja amagulitsa nthochi, nzimbe ndi mandasi m'masiteshoni. Pempho langa ndi limodzi basi, mpweya umenewu upimidwe ndipo manambala ake aikidwe poyera tonse tiziwaona.

Tiyambe ndi njanji ya malasha ija. Imachokera ku mgodi wa Moatize ku Tete, kulowa m'dziko muno cha ku Chikwawa, kudutsa Mwanza ndi Neno, kukafika pa Nkaya ku Balaka, kuwoloka Shire pa Liwonde mpaka kukatulukira pa Nayuchi kupita ku doko la Nacala-a-Velha, mtunda wa makilomita 912. Anaimanga ndi a kampani ya ku Brazil ya Vale, anaitsegulira mwalamulo mu 2017, kenako mu 2022 mgodi ndi njanji yomwe zinagulitsidwa kwa a kampani ya Vulcan. Anaikonza kuti izitha kunyamula matani 18 miliyoni a malasha pa chaka, ndipo amene munaimako pa mphambano kudikira kuti sitima idutse mukudziwa zomwe ndikunena, mabogi okwana 120 mitu ingapo ikukoka, umachita kutopa nako kuwerenga, usana ndi usiku zikungopita zodzaza ndikubwerera zopanda kanthu. Mitu yonseyo ndi ya dizilo. Nayo sitima yonyamula anthu yochoka ku Limbe kupita ku Balaka ndi ku Nayuchi ndi ya dizilo, za katundu zopita ku Kanengo chimodzimodzi, kwathu kuno kulibe olo kilomita imodzi ya njanji yoyendera magetsi.

Ndiye zoipitsa mpweya pa njanji zilipo za mitundu ingapo ndipo anthu timangoziphatikiza. Pali utsi wa injini, muli mwaye komanso mpweya wina wotchedwa NO2 umene umapweteka m'chifuwa makamaka kwa ana ndi anthu a mphumu. Utsi wa dizilo si wamasewera, mu 2012 nthambi yofufuza za khansa ya WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, inalengeza kuti utsi umenewu umayambitsa khansa ya m'mapapo, osati mwina ayi, anauika m'gulu loyamba lenilenilo limodzi ndi fodya. Pali fumbi la malasha louluka pamwamba pa mabogi osavindikira, ndipo mabogi obwerera opanda kanthu nawo amakhala ndi zotsalira zimene mphepo imazikolopa m'njira. Kenako pali china chomwe ambiri sachiganizira, tizitsulo ting'onoting'ono totuluka pamene mateyala akukhulana ndi njanji komanso pomanga mabuleki. Ku London m'masiteshoni apansi panthaka aja sitima zake ndi zamagetsi, kulibe dizilo, koma fumbi lilipo lambiri ndipo atalipima anapeza kuti gawo lalikulu ndi chitsulo chomwechi.

Fumbi lomwe timaliona likudetsa zovala pa chingwe lija ndi lalikulu, mphuno imatha kulitchinga lina. Loopsa kwambiri ndi lija silioneka, akatswiri amalitchula PM2.5, kuchepa kwake mutenge tsitsi limodzi muligawe ka 30 m'mimba mwake, limenelo limalowa mpaka mkatikati mwa mapapo ndikudutsira m'magazi. Mu 2021 a WHO anatsitsa mlingo wake, anati pa chaka lisamapitirire mamaikulogalamu 5 pa kiyubiki mita imodzi ya mpweya, pa tsiku limodzi lisamapitirire 15, ndipo NO2 pa tsiku asapitirire 25. Manambala olinganizira alipo kale, chomwe chikufunika ndi manambala athu a pa Liwonde, pa Nkaya, pa Balaka ndi pa Limbe kuti tione ngati tili pansi kapena pamwamba.

Ndikudziwa ena ati aaa inu, utsi wa sitima ndi chani poyerekeza ndi mbaula, nkhuni, kuotcha zinyalala ndi tchire mwezi wa Seputembala ndi Okutobala, maminibasi akale aja amafuka ngati akuphika. Zoona, ndipo ine ndikukhulupirira kuti m'nyumba zambiri utsi wa kukhitchini ndi umene ukupweteka anthu kuposa china chilichonse. Koma nde chifukwa chake tipime! Pano aliyense akungolankhula zam'mutu, wina akuti ana akutsokomola chifukwa cha malasha, wina akuti ayi ndi nyengo chabe, zili ngati kugulitsana chimanga popanda sikelo, amene ali ndi mawu akulu ndi amene amawina. Ukaika kachipangizo kopimira pafupi ndi njanji, kena mamita mahandiredi angapo kutali, wina nkumalemba nthawi imene sitima yadutsa, zimaoneka zokha ngati manambala akudumpha sitima ikamadutsa kapena ayi. Anthu a ku Newcastle ku Australia, komwe kuli doko lalikulu la malasha, anachita zimenezi okha mu 2013, anthu wamba a m'madera anabwereka zipangizo ndikukaima m'mbali mwa njanji. Ngati zitapezeka kuti sitima sizikuonjezera kanthu kwenikweni, chabwino, tidzagona tulo ndikubwerera ku nkhani ya mbaula. Ngati zikuonjezera tidziwe kuti ndi pati komanso nthawi yanji.

Ndipo musandiuze kuti ndi zodula. Makina akuluakulu aja a boma m'mayiko olemera ndi odula inde, koma pano kuli timasensa tating'ono toyendera sola totumiza manambala pa netiweki ya foni. Anzathu a ku Uganda pa yunivesite ya Makerere anapanga tawo, pulojekiti yotchedwa AirQo, tinayamba kupachikidwa mu Kampala, ena mpaka pa njinga zamoto za kabaza, pano tafika m'mizinda ina ya mu Africa muno. Za NO2 kuli timachubu tating'ono ngati chala, umangokapachika pa mtengo kwa mwezi nkukatumiza ku labu. Ife mayunivesite tili nawo, tili ndi MUBAS, tili ndi MUST ku Thyolo, tili ndi UNIMA ku Zomba komwe ndi kufupi ndi Liwonde, ana athu a sayansi chaka ndi chaka amasowa mitu ya kafukufuku, bwanji osawapatsa ntchito imeneyi? Timasensa totchipato sitinena ndendende ngati makina akuluakulu, chinyezi chimatisokoneza pena, ndiye pafunika makina amodzi odalirika olinganizira, koma kuonetsa kuti apa pali vuto apa palibe timatha bwinobwino.

Chinanso, kupima kwake kukhale pamene pali anthu. Sitima ikamathamanga kutchire utsi umabalalika, vuto limakula pamene yaima injini ikulira, pa siteshoni, pa malo opatukirana sitima, pa malo osinthira mabogi. Ku Birmingham ku Mangalande siteshoni yawo yaikulu ya New Street ili ngati m'chiphanga, mapulatifomu ali pansi pa nyumba, ndiye a University of Birmingham atapima anapeza kuti NO2 amakwera kwambiri chifukwa cha sitima za dizilo zoima injini zili chiyakire, zitatero eni ake anakonza zikupizo zotulutsa mpweya ndikuyamba kukakamiza madalaivala kuzimitsa injini. Masiteshoni athu ndi apamtetete, mphepo imatithandiza, pamenepo tili ndi mwayi. Koma taganizirani mayi amene amakhala pa siteshoni m'mawa mpaka madzulo mwana ali kumbuyo, kapena wogwira ntchito yolumikiza mabogi amene amaima pambali penipeni pa injini, wokwera sitima amapuma utsiwo kanthawi kochepa nkumapita, awa ndiye zaka. Komanso m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye m'mawa utsi sukwera kumwamba umangoyandama pansi, ndiye kupima kwa sabata imodzi kenako nkulemba lipoti sikungatiuze zoona, pafunika chaka chathunthu, dzinja ndi chilimwe chomwe.

Tsono zochepetsera. Pamisonkhano anthu amakonda kuthamangira zazikulu, eti sitima zamagetsi ngati za ku Tanzania zija zinayamba kuyenda kuchoka ku Dar es Salaam kupita ku Dodoma mu 2024, kapena ya ku Ethiopia yopita ku Djibouti. Nzabwino kulota koma tiyeni tinene chilungamo, dziko limene magetsi ofika m'nyumba akuvutabe, limene namondwe Ana atangoononga Kapichira mu 2022 tinakhala mumdima miyezi yambirimbiri, sitima yamagetsi ikhoza kumagona pa Utale kudikira kuti ayake. Olo a ku Britain ndi chuma chawo chonse anadzipatsa mpaka 2040 kuti achotse sitima zoyendera dizilo yekha. Zimenezo zidzabwera nthawi yake.

Zomwe tingachite pano ndi zazing'ono. Injini isamangolira pachabe sitima itaima nthawi yaitali, pali zipangizo zimene zimazimitsa ndikuyatsa zokha, ndipo apa kampani nayo imapindula chifukwa dizilo amene akupsa pachabeyo ndi ndalama, ndi forex yomwe tikuilira ija. Mitu yakale izikonzedwa pa nthawi yake, injini yofuka utsi wakuda bii ndiye kuti sikuotcha bwino mafuta. Poimika sitima, mutu uziima kutali ndi pamene pakhala anthu odikira ndi ogulitsa malonda, izi sizifuna olo tambala, ndi nkhani yongosuntha chikwangwani.

Pa fumbi la malasha njira ikudziwika kale. Ku Queensland ku Australia amasalaza malasha pamwamba pa bogi kenako nkupopera mankhwala ena omata amene amapanga kachikhungu kuti mphepo isanyamule fumbi. Ku America kampani ya njanji ya BNSF inalamula migodi ya ku Wyoming kuti izichita zomwezo mpaka fumbi lichepe ndi 85 peresenti, ndipo chosangalatsa nchakuti sanachite izi chifukwa chomvera chisoni anthu ayi, fumbilo linkatsekereza miyala ya pansi pa njanji madzi osatsika, njanji nkufooka, mu 2005 sitima zinagwa. Ndiye kampani yanzeru siyenera kuchita kukakamizidwa. Funso langa kwa oyendetsa njanji ya Nacala ndi lakuti, mumapopera pochoka ku Moatize? Ngati mumatero, kachikhunguko kamafika nako pa Liwonde kali bwinobwino dzuwa la ku chigwa kuja litawomba? Mabogi obwerera mumawatsuka? Ndi mafunso chabe, ayankhidwe ndi manambala. Tisaiwale kuti ku Moatize komweko mu 2018 anthu okhala pafupi ndi mgodi anatopa ndi fumbi mpaka analowa mu mgodimo ndikuimitsa ntchito, sitikufuna kuti kuno zifike pamenepo pomwe njira yokambirana ilipo.

Mitengo m'mbali mwa njanji imathandizako kutchinga fumbi lalikulu lija, tibzale ndithu, koma tisanamizane kuti ingagwire PM2.5 yense. Ndipo ife eni ake tilinso ndi mbali yathu, anthu akumanga nyumba ndi mashopu mpaka kukhudza njanji, ena kuyanika ufa ndi makaka pompo, makhonsolo akuyang'ana. Wogawa malo m'mbali mwa njanji akudziwa kuti ndi kolakwika.

Malamulo tili nawo. Lamulo loona za chilengedwe la 2017 linakhazikitsa bungwe la MEPA ndipo limanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala m'malo aukhondo, Gawo 13 la malamulo aakulu a dziko lino nalo limakamba zosamala chilengedwe. Pulojekiti yaikulu ngati njanji siyamba popanda lipoti la momwe ikhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo m'malipoti otere mumakhala malonjezo a momwe azidzayang'anira fumbi ndi utsi. Ndiye ngati kupimako kukuchitika, zotsatira zake zisamathere mu kabati ku ofesi, zimatidwe pa bolodi pa siteshoni ndi kwa DC m'Chichewa ndi m'Chiyao, ziwerengedwe pa wailesi za m'madera. Inu atolankhani muli ndi lamulo lopezera uthenga lija linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, ligwiritseni ntchito, lembani kalata ku MEPA ndi ku unduna wa zamtengatenga mupemphe malipoti amenewa mutisindikizire.

Ndipo poti boma likukonza njanji ya ku Marka kupita ku Bangula komanso nkhani ya doko lapamtunda pa Liwonde imamvekamveka, ino ndiye nthawi yopachika timasensato sitima zisanachuluke, kuti mawa tidzakhale ndi poyambira polinganiza. Aphungu a ku Mwanza, Neno, Balaka ndi Machinga, nkhaniyi ndi ya anthu anu, mukaifunse ku Nyumba ya Malamulo pa nthawi ya mafunso kwa nduna, ndipo mu mgwirizano uliwonse watsopano ndi makampani a njanji mulembedwe kuti ndalama zopimira mpweya azilipira ndi iwowo koma opima akhale ena apadera.

Wowerenga wanu,
Liwonde, Machinga