Awatsekera onse mu kampu chifukwa cha anthu awiri, ndikadandaule kuti?

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 31, ndili ndi ana awiri ndipo ndimakhala ku Kasungu, kufupi ndi msika wa fodya wa Chinkhoma. Bambo a kunyumba ndi msilikali. Uno ndi mwezi wachisanu ndi chiwiri ali ku Beni, kum'mawa kwa dziko la DRC, pa ntchito yosungitsa mtendere.

Atangopita kumene tinkacheza pa WhatsApp pafupifupi tsiku lililonse. Akaweruka ankaloledwa kutuluka m'timagulu kupita pa kamsika ka pafupi ndi geti, n'kumagula mayunitsi ndi tina ndi tina. Masabata asanu apitawa zonsezi zinatha. Akuti anyamata awiri anazemba usiku kupita kumowa n'kubwerako m'mbandakucha, ndiye akuluakulu awo analamula kuti gulu lonse lisadzapondenso kunja kwa mpanda mpaka iwo adzanene. Kantini anatseka, mpira wa Lamulungu anaimitsa, chatsala ndi perete ndi kuitanidwa mayina katatu pa tsiku. Intaneti ya pa kampu ndi yolimbirana, moti pa sabata ndimamva mawu awo kamodzi, mwina mphindi zisanu, mawu akenso odukaduka.

Nditawafunsa kuti bwanji osangolanga awiriwo, anangoti, "Amayi a Chisomo, kuno nsomba ikawola imodzi zonse zawola." Akuti cholinga chake n'choti azilondana okhaokha, mnzako akafuna kuzemba umugwire mkono. Azakhali, chilango chotere ine ndimachidziwa. Chaka china mu kalabu yathu ya fodya munthu mmodzi anagulitsa mabelo ake kwa mavenda n'kuthawa ngongole ya feteleza, ndipo tonse otsala anatidula ndalama. Kodi zinatiphunzitsa kulondana? Ayi ndithu, kalabuyo inangopasuka, ndipo mpaka lero ena sapatsana moni. Nanga amuna amene akugona tenti imodzi, mfuti zili pambali, akayamba kusungirana mkwiyo chonchi zitha bwanji?

Mwina wina anena kuti ndikukuza nkhani yaing'ono. Koma ife akazi a asilikali sitinaiwale za mu November 2018, pomwe asilikali athu 6 anaphedwa kufupi ndi ku Beni komweko polimbana ndi zigawenga za ADF. Foni ikakhala chete masiku anayi, tulo sitibwera. Galimoto ikaima pa msewu usiku mtima umangoti phaa. Apongozi anga ku Santhe amandiimbira m'mawa ndi madzulo, ndipo ayamba kuganiza kuti pali chimene ndikuwabisira. Mvulanso ili pafupi, feteleza sindinagule, chifukwa nkhani ya ndalama timagwirizana kaye tonse awiri, ndipo pa mphindi zisanuzo ana amalimbirana foni.

Chomwe chandilembetsa kalatayi kwenikweni ndi china. Mnzanga wina, amuna ake anapitako kale, anandiuza kuti kutsekeredwa kotere sikubwera chifukwa cha mowa wokha, kawirikawiri pamakhala nkhani ya akazi. Anandikumbutsa kuti mu October 2023 asilikali 8 a ku South Africa anabwezedwa kwawo kuchokera ku Beni chifukwa cha nkhani za m'mabala ndi akazi oyendayenda. Chinenereni zimenezo mutu wanga sukugwira. Amuna anga sanandipatsepo chifukwa chowakayikira pa zaka zisanu ndi zinayi za banja lathu, ndipo samwa n'komwe. Koma ndikawafunsa kuti awiriwo ndi ndani amati za ntchito sitikamba pa foni. Ndiye chilango cha onse chimabisa wolakwa, mwaonatu. Akanalanga awiri okhawo bwenzi ndikudziwa kuti anga mulibemo. Pano mkazi aliyense wa m'gulu limenelo akuyang'ana mwamuna wake ndi diso lofiira.

Akazi anzanga atatu akufuna kuti tipite limodzi kwa akuluakulu a asilikali kuno kumudzi tikapemphe kuti, ngakhale asawatulutse, awapatse nthawi yokwanira yolankhula ndi mabanja awo. Nditawatsina khutu bambo a Chisomo anakalipa, ati ndisayerekeze, dzina lawo lidzalembedwa kuti ali ndi mkazi wovuta ndipo ulendo wina sadzawasankhanso, mwinanso kukwezedwa kudzawadutsa. Ndalama za ulendo uno n'zomwe tikufuna kumalizira nyumba, pano ili pa lintala.

Ndithandizeni Azakhali. Ndipite nawo anzangawo ngakhale eni ake akana, kapena ndikhale pansi ndidikire? Nanga funso lija la akazi ndiwafunse pa foni pomwe ali kale ndi nkhawa, kapena ndilisunge mpaka adzatsike ndege?

Ine wanu,
Mayi a Chisomo, Kasungu