Filimu ya Enron si chigamulo cha khoti

Akonzi,

Ndikupempha danga m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi anzanga amene timalemba ndi kukonza nkhani pa Wikipedia, makamaka achinyamata amene adzipereka kukulitsa Wikipedia ya Chichewa, yomwe idakali yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi ya zinenero zina. Nkhawa yanga ili pa momwe timalembera za mafilimu a zochitika zenizeni ofotokoza chinyengo cha makampani, chifukwa ambiri tikaonera filimu yotere timatenga zonse zimene yanena n'kuzilemba ngati kuti zatsimikizidwa ndi bwalo la milandu. Chitsanzo chabwino ndi filimu ya Alex Gibney ya mu 2005 yotchedwa Enron: The Smartest Guys in the Room, yomwe inachokera m'buku la atolankhani Bethany McLean ndi Peter Elkind la mu 2003.

Enron inali kampani ya gasi ndi magetsi ya ku Houston, m'dziko la America, ndipo inagwa pa 2 Disembala 2001, masheya ake atatsika kuchoka pa madola pafupifupi 90 mu Ogasiti 2000 kufika posakwana dola imodzi. Akuluakulu ake ankalemba m'mabuku phindu limene ankaliyembekezera zaka zakutsogolo ngati kuti lalowa kale tsiku losainirana mgwirizano, pamene ngongole ankazibisa m'timakampani tapadera timene ankayendetsa mkulu wa zachuma, Andrew Fastow. Zimenezi filimuyi inazifotokoza mwaluso, moti inali m'gulu la mafilimu opikisana pa mphoto ya Oscar.

Koma wokonza nkhani ya filimuyi ayenera kuyang'ana kaye madeti asanalembe chiganizo chilichonse. Filimu inaonetsedwa koyamba ku chikondwerero cha mafilimu cha Sundance mu Januwale 2005, pamene mlandu wa Kenneth Lay ndi Jeffrey Skilling, amene anali akuluakulu oyendetsa Enron, unayamba mu Januwale 2006, kutanthauza kuti opanga filimu anamaliza ntchito yawo chaka chathunthu mboni zisanaime m'khoti. Awiriwa anapezeka olakwa pa 25 Meyi 2006, koma Lay anamwalira pa 5 Julayi chaka chomwecho asanapatsidwe chilango, ndipo mu Okutobala woweruza Sim Lake anafafaniza chigamulo chake, potsatira lamulo lakuti munthu akamwalira asanakhale ndi mwayi wochita apilo mlandu wake umathetsedwa. Nkhani ya kampani ya Arthur Andersen, imene inkafufuza mabuku a chuma a Enron, ndi yovuta kuposa pamenepa. Kampaniyi inapezeka yolakwa mu Juni 2002 pa mlandu wosokoneza kafukufuku pong'amba zikalata za Enron, koma mu Meyi 2005, filimu itangoyamba kumene kuonetsedwa m'mizinda, khoti lalikulu kwambiri la ku America linakana chigamulocho ponena kuti anthu wamba amene anasankhidwa kugamula mlanduwo sanalangizidwe bwino za tanthauzo la lamulo. Wolemba amene gwero lake ndi filimu yokha sangazidziwe zonsezi, ndipo adzasiya m'nkhani mwake ziganizo zimene zinasiya kukhala zoona zaka zambiri zapitazo.

Palinso zinthu za m'filimu momwemo zimene sizilemera mofanana. Mawu ojambulidwa pa telefoni a ogulitsa magetsi a Enron, amene akumveka akuseka mavuto a anthu a ku California pa nthawi ya kuzimazima kwa magetsi mu 2000 ndi 2001, ndi umboni weniweni umene unasungidwa. Koma chithunzi cha imfa ya Cliff Baxter, mkulu wakale wa kampaniyi amene anadzipha mu Januwale 2002, ndi sewero lokonzedwa ndi opanga filimu, ndipo kuyerekeza khalidwe la ogwira ntchito a Enron ndi kafukufuku wa Stanley Milgram, katswiri wa maganizo a anthu, wokhudza kumvera akuluakulu ndi maganizo a wopanga filimu, ngakhale ali maganizo ogwira mtima. Nkhani ya mu Wikipedia iyenera kusiyanitsa zitatuzi poyera, polemba kuti “filimuyi ikunena kuti” pamene akulankhula ndi Gibney, ndi kusunga mawu otsimikiza pa zokhazo zimene zili m'zigamulo za makhoti kapena m'malipoti odalirika.

Ndikudziwa kuti ena adzati kusamala kotereku ndi kuikira kumbuyo akuba, ndipo ndikumvetsa mkwiyo wawo, chifukwa anthu zikwizikwi anachotsedwa ntchito ndipo ambiri anataya ndalama zawo za penshoni zimene zinali m'masheya a kampaniyo. Komabe zimene zinatsimikizika ndi zolemera kale mokwanira. Fastow anavomera yekha mlandu mu 2004 ndipo analamulidwa kukhala m'ndende zaka 6. Skilling analamulidwa zaka 24, zomwe zinachepetsedwa kufika 14 mu 2013, ndipo anatuluka mu 2019. Wowerenga akapeza cholakwika chimodzi chokha m'nkhani yathu amayamba kukayikira ngakhale izi zimene zili zoona, ndipo wopindula ndi kukayikirako ndi wachinyengo yemweyo. Komanso ena mwa anthu otchulidwa m'filimuyi adakali moyo, ndipo malamulo a Wikipedia amafuna kuti chilichonse choipitsa mbiri ya munthu wamoyo chimene chilibe gwero lodalirika chichotsedwe nthawi yomweyo.

Tisaiwalenso kuti nkhaniyo ndi ya filimu. Wowerenga akufuna kudziwa amene anaipanga, kuti wofotokoza nkhani m'menemo ndi Peter Coyote, momwe inakonzedwera ndi momwe akatswiri a mafilimu anailandirira, pamene mbiri yonse ya kugwa kwa Enron ili ndi tsamba lakelake.

Ndalemba izi poganiziranso kwathu kuno, komwe nkhani ya Cashgate ya mu 2013 inatchula mayina ambiri, ena anamangidwa ndipo ena milandu yawo inatenga zaka. Wina akadzapanga filimu yake, ife olemba m'Chichewa ndi amene tidzakhale ndi udindo wolemba za filimuyo. Pempho langa ndi lakuti amene akufuna kusintha chiganizo chokhudza mlandu wa munthu ayambe waika gwero lake pa tsamba lokambirana la nkhaniyo, anzake alione, kenako asinthe.

Wowerenga wanu,
Zomba