Zigoba za njovu za kwa Abamileke si ufiti ayi

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko kudzera m'nyuzipepala yanu. Sabata yathayi mchemwali wanga ananditumizira kanema amene wakhala akuzungulira pa WhatsApp. Mukuoneka amuna ovala zigoba za njovu zosokereredwa mikanda, akuvina mwapang'onopang'ono pabwalo la dothi lofiira, pambali pawo amayi atanyamula chithunzi cha munthu womwalira. Amene anayamba kumufalitsa analembapo kuti "onani afiti a ku Cameroon akusangalalira maliro." Mchemwali wangayo anangowonjezerapo funso limodzi: "Achemwali, kodi kumene munakwatiwa kuja n'kumeneku?"

Ee, n'komweko. Ndine mtengwa kwa Abamileke, mtundu wina wa anthu a ku Cameroon, ndipo ndakhala kuno zaka 12. Timakhala mumzinda wa Bafoussam, koma kwawo kwa bambo a ana anga ndi kumudzi wina kufupi ndi Bandjoun, m'mapiri a kumadzulo kwa dzikoli. Inenso nditangofika ndinkaona zinthu zina tsitsi n'kuima, sindikana. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiye ndati ndifotokoze zimene maso anga aona, kuti amene akufuna kuseka aziseka akudziwa chimene akuseka.

Ovala zigoba aja ndi a gulu lotchedwa Kuosi. M'gululi simulowa aliyense: ndi la nduna ndi anthu olemera a pabwalo la mfumu, ndipo kulowamo kumalira chuma chambiri. Chigobacho ndi nsalu yokutidwa ndi timikanda ting'onoting'ono, makutu ake awiri ozungulira ngati mbale, ndipo kutsogolo ndi kumbuyo kumalendewera nsalu yaitali m'malo mwa chitamba. Pamutu ena amaika chisoti cha nthenga zofiira za chinkhwe, m'thupi nsalu ya ndop, ija yabuluu yokhala ndi mizere yoyera, ndipo ena amakolekanso chikopa cha nyalugwe kumsana. Kale mikanda inali chuma chenicheni, choncho munthu akatuluka atavala zonsezi akuuza mudzi wonse kuti iye si munthu wamba. Njovu ndi nyalugwe ndi nyama za ufumu. Gululi likatuluka pa mwambo wa munthu, dziwani kuti womwalirayo anali wamkulu. Palibe amene akuuluka usiku pamenepo. Mmodzi wa ovina otere amene ndimamudziwa ali ndi sitolo ya zitsulo zomangira nyumba ku Douala, ndipo mapazi ake ndimawazindikira ngakhale atavala chigoba.

Chachiwiri, mwambo uja si wa tsiku loika maliro. Kuno munthu akamwalira timalira ngati mmene anthu amalirira kulikonse, n'kumuika. Kenako pakapita chaka, zaka zisanu, pena khumi, banja likasonkhanitsa mphamvu, limachita mwambo waukulu umene m'Chifalansa amati funérailles. Mawu oyandikirako amene ndingagwiritse ntchito ndi akuti sadaka, koma sadaka yake ndi yodzaza mudzi. Misozi inauma kale. Tsikuli ndi loperekeza womwalira kwa makolo ake ndi kuonetsa kuti sanafe ngati nkhuku, anasiya anthu. Nyengo yake ndi yachilimwe, kuyambira cha mu Novembala mpaka cha mu Malichi, ndipo Lachisanu lililonse m'miyezi imeneyi misewu yochokera ku Douala ndi ku Yaoundé imadzaza mabasi opita kumudzi. Banja limasankha nsalu imodzi, aliyense n'kusoketsa yakeyake. Mwana aliyense wa malemu amakhala ndi msasa wake wolandiriramo alendo ake: anzake a kuntchito, akuchipongozi, a kutchalitchi. Nthawi ikakwana, gulu lililonse limalowa m'bwalo mozungulira ng'oma, malitchowa a mchira wa hatchi ali m'manja. Wina akakuponyera litchowa wakulemekeza, umalitola n'kukamubwezera uku ukuvina. Ine tsiku loyamba ndinalitola n'kukhala nalo pansi, amayi onse anafa nazo kuseka.

Tsopano nkhani ya zigaza, chifukwa ndikudziwa kuti ndi imene anthu amanong'onezana. N'zoona. Pakapita zaka munthu ataikidwa, chigaza chake chimafukulidwa n'kukasungidwa m'kanyumba ka pakhomo pamodzi ndi za makolo ena. Pakakhala matenda osatha, kusabereka, kapena mwana akamapita kutali, wolowa m'malo mwa bambo amalowa m'kanyumbamo ndi mafuta ofiira a kanjedza ndi mchere, n'kulankhula nawo makolowo ngati akulankhula ndi anthu amene angokhala chete. Ine sindilowamo. Ndine Mkhristu, ndipo m'banja momwemu muli alamu anga opemphera kwambiri amene amakana mwambowu poyera, moti mkangano wake sutha. Koma pali chimene chinandichititsa kuti ndisiye kuyankhula mopepuka. Agogo aamuna a bambo a ana anga anasowa pa nthawi ya nkhondo imene inasakaza dera lino kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, pamene asilikali a France kenako a boma ankalimbana ndi zigawenga za chipani cha UPC, chimene chinayamba pomenyera ufulu wodzilamulira wa dziko lino. Midzi inatenthedwa, nyumba za mafumu zinapsa, anthu ambiri sanaikidwe ndi abale awo. Mtsogoleri wotsiriza wa zigawengazo, Ernest Ouandié, anawomberedwa poyera muno mu Bafoussam pa 15 Januwale 1971. Agogowo mtembo wawo sunapezeke. Mwambo umati chigaza chikasowa, amathira nsembe pansi n'kutapa dothi la pamalopo kuti liimire mutu wa munthuyo. Ndiye m'kanyumba kaja, pakati pa zigaza, muli kamphika ka dothi. Apongozi anga aakazi akamadutsa pakhomo pake amatsitsa mawu. Munthu amene akuitana bambo ake osowa kuti abwerere kunyumba, ine sindingamutche mfiti.

Wolowa m'malo ndamutchulayu ndiye msana wa zonse. Kuno bambo sagawa munda kwa ana ake. Amasankha mwana mmodzi, mwachinsinsi, ndipo sikuti amakhala woyamba kubadwa. Dzina lake limaululidwa bamboyo atamwalira. Ameneyo amatenga munda, nyumba, dzina, zigaza ndi mavuto onse a banja. Apongozi anga aamuna atatisiya, amene anatchulidwa anali mlamu wanga wamng'ono, mnyamata amene ndinkamutuma kukagula makala. Lero bambo a ana anga, imvi zili mbuu, amamuitana kuti "papa" ndipo amamupatsa mpando. Poyamba ndinkaona ngati sewero. Koma malo kuno ndi ochepa, anthu ndi ambiri, minda ndi tizigawo totchingidwa ndi mipanda ya mitengo yamoyo mpaka pamwamba pa phiri. Akanati azigawa, bwenzi aliyense ali ndi kadera kosakwana kuyala mphasa. Ana otsalawo amadziwa kuyambira ali aang'ono kuti ayenera kukadzipezera okha, n'chifukwa chake Abamileke ali ponseponse m'misika ya Douala, Yaoundé, Nkongsamba ndi kunja. Chimene chimawakoka kuti abwerere ndi miyambo yomwe ija ikusekedwayi. Munthu akhoza kukhala ku Paris zaka 20, koma sadaka ya mayi ake akaijomba, kumudzi alibenso nkhope.

Ndalama zake zimachokera ku chipereganyu, chimene kuno amati tontine. Ine ndili m'gulu la amayi a kumudzi kwa amuna anga okhala m'tauni, timakumana kamodzi pamwezi, aliyense amaponya 10,000 CFA, ndalama za kuno. Kulephera kuponya ndi manyazi oposa kugwa pamsika. Mmodzi wa ife akakhala ndi mwambo, tonse timapita titavala zofanana, miphika ili pamutu: madumbe osinja ndi msuzi wachikasu, koki wa nyemba zopera wophikidwa m'masamba a nthochi, ndi kondrè, nthochi zophikidwa ndi nyama ya mbuzi. Amuna amabwera ndi uchema wa chiwale ndi makireti.

Pamwamba pa mabanja onsewa pali mfumu, imene amaitcha Fo. Maufumu a Abamileke ndi oposa 100, uliwonse ndi Fo wake, ndipo ngakhale zinenero zimasiyana: kwathu amalankhula Ghomala', ku Bangangté Medumba, ku Dschang Yemba, ku Bafang Fe'efe'e. Chimene chinandidabwitsa ku likulu la mfumu ya Bandjoun n'chakuti sukwera, umatsika. Umalowera kumtunda kumene kuli bwalo la msika, n'kutsetsereka pakati pa nyumba za akazi a mfumu mbali zonse ziwiri, mpaka kukafika pa chinyumba chachikulu chofolera udzu, chozunguliridwa ndi nsanamira zosemedwa zithunzi za anthu ndi nyama. Kuseri kwake kuli nkhalango yopatulika imene munthu wamba saponda. Chinyumbacho chinapsa mu 2005, amisiri a m'deralo n'kuchimanganso. Pamaso pa Fo umawerama, kuomba m'manja, ndipo polankhula umaphimba pakamwa ndi dzanja. Koma musaganize kuti amalamula yekha. Pali nduna zisanu ndi zinayi zimene zimamuika pampando, ndipo asanaonekere kwa anthu amakhala milungu isanu ndi inayi m'chinsinsi pamalo otchedwa La'akam, akuphunzitsidwa. Mayi ake, kapena wolowa m'malo mwawo, amatchedwa Mafo, ndipo mawu awo salumphidwa.

Ngakhale masiku amawerengedwa mwa mudzi. Sabata yakuno ili ndi masiku asanu ndi atatu, motero tsiku la msika limasuntha: sabata ino Lolemba, yamawa Lachiwiri. Mulinso masiku oletsedwa kugwira khasu. Chaka changa choyamba, pofuna kuonetsa kuti mtengwa si waulesi, ndinalawirira kumunda tsiku loterolo. Apongozi ananditsatira osathamanga, anandilanda khasu mwakachetechete, n'kunena kuti, "Mwana wanga, lero nthaka ikupuma, nawenso kapume." Sanandikalipire, koma nkhaniyo imakambidwabe pa sadaka iliyonse.

Zikondwerero za mudzi wonse ziliponso, monga Msem Todjom ku Bandjoun ndi Nyang Nyang muno mu Bafoussam, imene imachitika zaka ziwiri zilizonse. Pa Nyang Nyang anyamata olowa chinamwali amatuluka m'misewu matupi atapakidwa mafuta ndi utoto, akuvina mwamphamvu moti fumbi limakwera kuposa madenga. Masiku ano pamakhalanso zikwangwani za makampani a mowa ndi a mafoni, ndipo andale salephera kufika. Zimenezo ndiye zimandinyansa kuposa zigoba.

Sindikuti zonse ndi zokoma. Mwambo wa sadaka wasanduka mpikisano. Ndaona banja likusunga mtembo kumochale milungu ingapo podikira kuti nyumba ya kumudzi ipakidwe penti. Ndaona nkhalamba imene inkagona ndi njala ili moyo, itamwalira n'kuphedwera ng'ombe ziwiri. Ndaona mayi akubweza ngongole ya msasa ndi zoimbira chaka chathunthu ana ali pakhomo opanda fizi. Akazi amasiye nawo amadutsa m'miyambo ina yowawa imene amayi ambiri kuno akuidandaula, ndipo ine ndili nawo limodzi. Mukafuna kudzudzula, dzudzulani zimenezi, eni akenso amazidzudzula m'mabasi ndi m'matchalitchi. Koma kutenga kanema wa mphindi imodzi n'kutcha mtundu wonse afiti ndi ulesi chabe.

Mwina ndikulankhula chonchi chifukwa anthu amenewa anandipatsa dzina. M'chaka changa chachinayi ndinabereka mapasa. Ndili chigonere, apongozi anafika ndi nthambi za mtengo umene amautcha wa mtendere, n'kuziika pakhomo. Anandiphikira nkui, msuzi wonanda kuposa therere, wa zokometsera zambirimbiri, umene amapatsa mayi wongochira kumene, ndipo anandiumiriza kuudya mpaka ndinauzolowera. Kuyambira tsiku limenelo palibe amene amanditchula dzina langa. Ndine Magne, mayi wa mapasa, ndipo bambo awo ndi Tagne. Pa msonkhano ndimapatsidwa mpando wa kutsogolo, ine mlendo amene Ghomala' wanga amaseketsa ana.

Sadaka ya apongozi anga aamuna ichitika Januwale akubwerayu, patatha zaka zisanu ndi chimodzi chiwaikireni. Nsalu tasankha kale, ya masamba obiriwira, ndipo yanga ili kwa telala. A Kuosi sadzabwera, malemuwo anali mlimi wa khofi chabe. Mchemwali wanga ndamuuza kuti ngati angapeze ya ndege abwere, msasa wa Magne udzakhala wachitatu kuchokera pa ng'oma.

Ine wanu,
Magne,
Bafoussam, Cameroon