Chigoli chimodzi chinapatsa Czechoslovakia mendulo ku Antwerp

Akonzi,

Tipatseniko danga tikambe za mpikisano woyamba wa hokey ya pa ayezi pa Olimpiki, womwe unachitika ku Antwerp, m'dziko la Belgium, kuyambira pa 23 mpaka 29 Epulo 1920.

Panali matimu 7: Canada, United States, Czechoslovakia, Sweden, Switzerland, France ndi eni bwalo. Timu inkalowa ndi osewera 7, osati 6 ngati lero, ndipo ankasewera zigawo ziwiri za mphindi 20 popanda kusintha osewera. Canada, yomwe inatumiza kalabu ya Winnipeg Falcons, inachinya Czechoslovakia 15–0, United States 2–0 ndi Sweden 12–1 n'kutenga golide.

Vuto linali ndondomeko yopezera opambana mamendulo, yotchedwa Bergvall. Atadziwika katswiri, matimu omwe anagonja kwa iye ankalimbirana malo achiwiri, kenako otsala omwe anagonja kwa woyamba kapena wachiwiri ankalimbirana achitatu. Pa pepala zimaoneka zachilungamo, koma katundu sanagawike mofanana. Sweden, yomwe osewera ake ambiri anazolowera masewera a bandy (ofanana ndi hokey ya pa ayezi koma oseweredwa ndi mpira), inasewera kasanu ndi kamodzi m'masiku 7 ndipo inapambana katatu. Czechoslovakia inasewera katatu basi: inathidzimulidwa 15–0, kenako 16–0 ndi United States, n'kukumana ndi Sweden yotopa kale. Czechoslovakia inapambana 1–0, chigoli chake chokhacho mu mpikisano wonse, ndipo mendulo ya malo achitatu inapita kwa iwo. Ife tikuona kuti Sweden inaponderezedwa ndi ndondomeko imeneyi.

Okonda mbiri ya masewera,
Blantyre