Kalata ya Abusa: Kampanda ka pa Denga ndi Moyo wa Mnzathu Pamsewu

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu.

Pa Deuteronomo 22:8 Mulungu analamula womanga nyumba kuti aike kampanda kuzungulira denga, kuopa kuti wina angagwe, mlandu wa magazi n'kugwera nyumbayo. Mwini nyumba sanakankhe munthu, koma mlandu ndi wake chifukwa sanatchinge. Za pamsewu tizizionanso motero. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka, ndipo oposa theka ndi oyenda pansi ndi apanjinga, zakapalasa ndi zamoto zomwe.

Ndiyambe ndi inu ogwira chiwongolero, poti chitsulo chili m'manja mwanu. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imayenda mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi. Mukayang'ana foni masekondi awiri okha, mwayenda mamita 28 osaona kutsogolo. Komanso liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene galimoto imayenda mutaponda kale mabuleki umawirikiza kanayi. N'chifukwa chake mawu akuti "ndinangowonjezera pang'ono" timawamva pamaliro. Galimoto ya kutsogolo kwanu ikadutsa mtengo kapena chikwangwani, papite masekondi atatu musanafike pamenepo. Kukagwa mvula akhale 6, chifukwa matayala sagwira bwino phula lonyowa.

Popitirira wapanjinga, siyani mpata wa mita imodzi ndi theka. Iye amazemba maenje ndi mchenga mosakuchenjezani, ndipo mphepo ya galimoto yaikulu imamugwedeza. Ngati kutsogolo kukubwera galimoto ina, chepetsani liwiro, mudikire kumbuyo kwake. Kumuimbira hutala muli pamsana pake kumangomudzidzimutsa, n'kupotoza chiwongolero.

Apanjinga, nkhani yanu yaikulu ndi lole ndi basi. Galimoto yaitali ikamakhota, matayala akumbuyo salondola pamene adutsa akutsogolo. Amadula mkati mwa ngodya. Wopanikizika pakati pa lole ndi mphepete mwa msewu amaona ngati pali malo, kenako malowo amatsekeka. Musalowe pampata umenewo pafupi ndi mphambano, ngakhale lole itaima. Ndipo ngati simukuona nkhope ya dalaivala pagalasi lake la m'mbali, dziwani kuti iyenso sakukuonani. Musananyamuke finyani mabuleki onse awiri: ngati chogwirira chikufika pachiwongolero, waya watayirira kapena mphira watha. Usiku pakhale nyale yoyera kutsogolo ndi yofiira kumbuyo. Pokhota tambasulani dzanja msanga, mutacheuka kaye. A njinga zamoto, chipewa chosamanga lamba chimavuka mutu usanafike pansi. Wokwezedwa nayenso avale chake.

Oyenda pansi, pamene palibe njira yanuyanu yendani moyang'anizana ndi magalimoto obwera, mondondozana, osati modzaza msewu ngati tikuchokera ku kwaya. Usiku mumaona magetsi a galimoto ili kutali n'kuganiza kuti dalaivala wakuonaninso. Ayi ndithu. Wovala zakuda amaonekera ali pafupi kale, nthawi yoimika galimoto itatha. Valani zowala kapena nyamulani tochi. Mukatsika basi musawoloke kutsogolo kapena kumbuyo kwake; idikireni ichoke kuti muone mbali zonse. Ana aang'ono satha kuyeza liwiro la galimoto, choncho agwireni pamkono, inu mukhale mbali ya kumsewu.

Za mowa sindichulukitsa mawu: womwa asagwire chiwongolero, chagalimoto kaya chanjinga.

Ndikupempha akulu a mpingo kuti tikaweruka mapemphero, makamaka amadzulo, pakhale anthu awiri pachipata owolotsa ana ndi okalamba, ndipo oimika magalimoto asatseke poonera msewu. Aphunzitsi a Sande sukulu atenge ana kukayeserera kuwoloka: kuima, kuyang'ana mbali zonse, kumvetsera, ndiyeno kuyenda osathamanga.

Chisomo cha Ambuye wathu Yesu Khristu chikhale nanu.

Ine mtumiki wanu,
Mbusa wa mpingo